Zithunzi za Kulowa kwa Dzuwa

Masiku ano munthu akakwera phiri la Kanjala nthawi ya madzulo, napenya mzinda wa Chipata uli pansi pace, kawiri-kawiri apeza anyamata ndi asungwana atafikako kale, ali yense atakweza foni yace ndi kuilozetsa kumadzulo. Onsewo afuna cinthu cimodzi, ndico kugwira dzuwa lisanabisale kuseri kwa mapiri. Ife amene tinabadwa mzindawu ukali kuchedwa Fort Jameson tikumbuka kuti cithunzi cinali cinthu ca mtengo wapatali. Munthu anali kusamba, kudzola mafuta, kubvala jekete, ngakhale yobwereka, ndi kukaima njo pamaso pa wojambula. Ndipo anali kulindira masiku angapo kuti adzione. Filimu inali kulira ndalama, ndipo zithunzi zambiri zinali za mitundu iwiri yokha, woyera ndi wakuda. Munthu akadataya filimu yace pa dzuwa, anzace akadamuyesa wozungulira mutu. Koma lero kujambula kwasanduka ngati kutunga madzi pa mtsinje, ndipo dzuwa la madzulo lijambulidwa koposa mafumu.

Ine sindidandaula naco cimeneci, ai. Nkwabwino kuti ana athu ayamba kuima ndi kupenya cimene makolo ao anali kungocipitirira, khasu liri pa phewa. Koma ndapenya zithunzi zotere zambiri-mbiri, za m'mafoni, za pa makalendala ndi za m'timabuku toitana alendo, ndipo ndazizwa kuona kuti ngakhale zikoma m'maso, zambiri sizifika ku mtima. Munthu ati, "Ha, kukongola kwace!" ndipo asanameze malobvu waiwala kale. Pali zina zowerengeka zimene zikana kucoka m'maganizo. M'nkhani yino ndifuna kufufuza cifukwa cace, ndipo ndidzatero poweruza zithunzi zitatu zimene mdzukulu wanga anandionetsa, pakuti iye ndi mmodzi wa okwera Kanjala aja. Ganizo langa ndi lakuti kufiira kwa thambo pa kokha sikunena kanthu. Cimene cigwira mtima ndico kuona munthu amene dzuwalo liri kumlowera, ndi cimene madzulowo amtengera.

Kumene kufiira kucokera

Tisanayambe kuweruza, tiyenera kudziwa cimene kamera iona. Kuwala kwa dzuwa kuoneka koyera, koma m'kati mwace muli mitundu yonse ija tiiona pa utawaleza. Pamene kuwalako kupyola mumpweya, mpweyawo umwaza kwambiri mtundu wobiriwira uja wa thambo, nulola wofiira ndi wacikasu kupitirira. Mngelezi wina wophunzira za cilengedwe, John William Strutt, amene pambuyo pace anachedwa Lord Rayleigh, ndiye analongosola cimeneci m'caka ca 1871. Masana, dzuwa liri pa liwombo, njira ya kuwala mumpweya iri yaifupi. Koma likatsikira m'mphepete mwa dziko, kuwalako kupyola mpweya woculuka nthawi zoposa 30, kotero kuti cofika m'maso mwathu ndi cofiira cotsalaco.

Komatu kwathu kuno madzulo sali amodzi-modzi caka conse. Kuyambira August kufikira October ndi nyengo ya utsi ndi pfumbi. Chire liri kupsa, anyamata atentha udzu posaka mbewa, alimi atentha mapesi, oocha makala nao afukiza m'mapiri, ndipo mphepo inyamula pfumbi la m'misewu. Utsi umenewu suli wa mudzi umodzi. M'caka ca 2000 akatswiri a maiko ambiri, pa nchito yofufuza yochedwa SAFARI 2000, anauyesa ali ku Mongu ndi kwina, naona kuti uphimba cigawo cacikulu ca kumwera kwa Afrika. M'nyengo imeneyi dzuwa lisanduka mpira wofiira psu, wosathobwa m'maso, ndipo nthawi zambiri lizimirira mu utsi lisanakhudze phiri, thambo lonse liri mbuu. Awa ndi madzulo olemera, a anthu otopa ndi kutentha, amene maso ao ali ku mvula.

M'dzinja nkwina. Mvula ikakata madzulo, itatsuka mpweya, mitambo ya m'mwamba iyaka mitundu yoti ngwee, ndipo pansi ponse panunkhira dothi lonyowa. Awa ndi madzulo a mtima woti myaa. Palinso madzulo a cisanu, a mu June, pamene dzuwa lifulumira kulowa ca m'ma 5.30, lolunjika ca kumpoto, anthu nathamangira ku moto. Pamene mu January licedwa kufikira ca m'ma 6.20, nililowera ca kumwera. Mlimi ali yense adziwa kusiyana kumeneku osauzidwa, ndipo akaona cithunzi cabwino ayenera kutha kuchula mwezi wace.

Ngakhale cinenero cathu cigawa madzulo m'zigawo: pali dzuwa litapendeka, pali nthawi yolowa nkhuku, pali cisisira, kenaka mdima, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi nchito yace ndi mtima wace. Makolo athu sanali kupenya dzuwa ngati cokongoletsa nyumba. Angoni akumbuka kufikira lero kuti pamene Zwangendaba anaoloka Zambezi, mu November 1835, dzuwa linada masana. Analikumbuka cifukwa ca cimene cinali kucitikira anthu pa tsikulo. Ndi muyeso umenewu tiyeni tipenye zithunzi zathu zitatu.

Coyamba: njobvu za ku Luangwa

Cithunzi coyamba sanacijambule ndiye. Anaciona pa kalendala m'sitolo, nacijambulanso ndi foni yace kuti cikhale citsanzo cace. M'menemo muli njobvu zisanu ziri kuoloka mtsinje wa Luangwa ku Mfuwe, zonse zakuda bii ngati zosemedwa pa mtengo wa phingo. Madzi anyezimira ngati mkuwa wosungunuka, ndipo dzuwa liri pafupi kukhala pa mitengo ya tsidya lija. Ndiyenera kubvomera kuti mwini wace adziwa nchito. Analindira kufikira njobvuzo zitatalikirana bwino, kuti ina isaphimbe inzace. Kamwana kali pakati pa zazikulu ziwiri, kacitamba kace kali m'mwamba. Ndipo m'mbali mulibe ciri conse cosafunika. Munthu wotere anakhala madzulo ambiri pa gombe, udzudzu uli kumluma, ndipo sitiyenera kupeputsa thukuta lace.

Zithunzi za mtundu umenewu ziri ndi mbiri yace. M'caka ca 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu kuti ipatule cigawo ca dziko lace cikhale ca nyama, ndi kumangamo misasa ya alendo odzaona nyamazo; ndipo m'caka ca 1972 nkhalango ya South Luangwa inakhazikitsidwa kukhala National Park. Alendo a kumeneko ali ndi mwambo wao: dzuwa likapendeka galimoto iima pa gombe, iwo natsika, zakumwa ziri m'manja, napenya kumadzulo kumene kuli mapiri a Muchinga. Cithunzi cathuci cinabadwa m'mwambo umenewo, ndipo cimene cifuna kutimvetsa ndico mtendere wa dziko lopanda anthu, dziko lokhalabe monga linalengedwera.

Koma tapenyani bwino kumene njobvuzo ziri kupita. Ku Mfuwe nkhalango ya nyama iri tsidya la kumadzulo. Wojambula, popeza apenyana ndi dzuwa, waima tsidya la kum'mawa, ndipo njobvu ziri kudza kwa iye. Tsidya limenelo ndiko kuli midzi ya Akunda, minda yao ndi mitengo yao ya mango. Kwa mai amene ali ndi munda kapena nkhokwe kumeneko, ora lomwelo ndilo ciyambi ca nkhondo ya usiku wonse: kusonkha moto, kuomba zitini, kufukiza tsabola, ndi kugona m'cirindo khutu liri kunja. Mlendo pa gombe ausa moyo cifukwa ca kukoma, pamene mai kumudzi aitana ana kuti alowe m'nyumba msanga. Kalendala ionetsa mlendo yekha.

Sindinena kuti wojambulayo ananama, ai. Ananena zoona za munthu wodzakhala masiku atatu, ndipo alendo omwewo ndiwo abweretsa ndalama zimene mabanja ambiri a ku Mfuwe adyera. Koma mlendo ndi mame. Madzulo ace sangakhale muyeso wa madzulo a eni dziko. Cimene cindidetsa nkhawa ndico kuona mwana wa ku Chipata ali kukhulupirira kuti kulowa kwa dzuwa kokoma ndi kokhako kopanda munthu, kopanda denga, kopanda munda, ngati kuti ife eni ace ndife zinyalala zoyenera kusesedwa cithunzi cisanajambulidwe.

Caciwiri: thambo la pa Kanjala

Caciwiri ndi ca iye mwini, ca pa Kanjala, ndipo ndico anali kunyadira koposa. Thambo latenga pafupi-fupi cithunzi conse, lofiira ngati magazi, lokhala ndi mizera yacikasu. Pansi pali mzera wakuda wa mapiri, basi. Ndinamfunsa kuti, "Kodi unajambula mwezi uti?" Iye anakanda m'mutu, nati, "Sindikumbuka, agogo, koma anzanga ambiri anacikonda pa Facebook." Ndinafunsanso kuti, "Nanga thambo linali lotere ndithu?" Anaseka, nabvomera kuti anaonjezako mtundu ndi cala cace, monga acita onse.

Apa ndipo pagona bvuto. Mai akaculutsa mcere m'ndiwo zonse, nkhwani ndi nyama zimveka cimodzi-modzi. Poonjeza kufiira, mnyamatayu anafafaniza mwezi. Pobisa mzinda mumdima, anafafaniza malo. Cithunzico cingakhale ca ku Mbala, ca ku Blantyre kapena ca ku India, ndipo palibe angatsutse. Mai wina wa ku Amerika, Penelope Umbrico, m'caka ca 2006 anafuna-funa pa intaneti, pa malo oikapo zithunzi ochedwa Flickr, napeza zithunzi za kulowa kwa dzuwa 541,795. Anadula dzuwa lokha pa zambiri za izo, nazimata pa khoma moyandikana. Ndipo cioneka poyera pa khomapo ndi cakuti ngakhale anajambula ndi anthu a maiko osiyana-siyana, zonse zifanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Nzosadabwitsa, pakuti dzuwa ndi limodzi pa dziko lonse lapansi. Cosiyana ndi cimene liwalira.

Ndipo taonani cimene mdzukulu wanga anataya mumdima uja wa pansi pa phiri. Pa ora limenelo amai a ku msika wa Kapata ali kulongedza matimati ndi repu wotsala, ali kuwerenga mumtima ngati za lero zikwana ufa. Anyamata a njinga ali kupalasa ulendo wotsiriza, wokwera ali pambuyo. Ku mzikiti kuli kumveka mau oitanira anthu ku pemphero la kulowa kwa dzuwa. Malole ali kubuula pa msewu wa ku Mwami, ndipo utsi wa mbaula uli kukwera pa makomo zikwi-zikwi, nuyala pamwamba pa mzinda ngati nsaru yopyapyala. Zonsezi zinali pamaso pace, ndipo ndizo Chipata. Iye anazisiya, natenga cimene munthu ali yense pa dziko lapansi ali naco kale. Akulu anati, cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma mkuyu uwu ndinaung'amba, ndipo m'kati munalibe ngakhale nyerere.

Mbali ina colakwa si cace. Diso la munthu litha kuona cowala ndi camdima pa nthawi imodzi, koma kamera ibvutika. Ukailozetsa pa dzuwa icepetsa kuwala kolowa, ndipo zonse za pansi zida bii. Mafoni atsopano ayesa kukonza cimeneci pojambula kangapo mofulumira ndi kuphatikiza zithunzizo, koma potero kawiri-kawiri awalitsa mithunzi yonse, madzulo naoneka ngati masana odwala. Mankhwala ace ndi apafupi, ngakhale ambiri sawaganizira: ndiwo kuceuka.

Cimodzi mwa zithunzi zochuka koposa za nthawi ya madzulo mulibe dzuwa m'menemo. Pa 1 November 1941 wojambula wa ku Amerika, Ansel Adams, anali kubwerera pa galimoto, ndipo atafika pafupi ndi kamudzi ka Hernandez, ku New Mexico, anaona mwezi uli kutuluka kum'mawa, pamwamba pa tinyumba, kachalichi ndi manda. Dzuwa linali kulowa kumbuyo kwace, ndipo kuwala kwace kotsiriza kunagwa pa mitanda yoyera ya pa mandapo. Anaima mwacangu, najambula kamodzi kokha. Pamene anati ajambulenso, kuwala kunali kutacoka pa mitanda. Cithunzico, cochedwa Moonrise, Hernandez, New Mexico, ndi ca mitundu iwiri ija, woyera ndi wakuda, copanda kufiira kuli konse. Koma anthu acipenyabe patapita zaka zoposa 80, cifukwa cionetsa amoyo ndi akufa ali kulandira usiku pamodzi. Adams akadapenyana ndi dzuwa tsiku limenelo, akadangoonjeza dzira limodzi pa mazira aja.

Cacitatu: munda wa mu February

Cacitatu mdzukulu wanga anacita naco manyazi, nafuna kucipitirira msanga. Ndine ndinagwira dzanja lace. Anacijambula kumudzi kwathu mu February 2024, m'caka cija ca cirala. Tonse tikumbuka m'mene zinakhalira: mvula inayamba, anthu nabzala, nathira feteleza wogula ndi ngongole, ndipo cimanga ciri pafupi kumasula ngayaye mvula inaleka milungu yambiri. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka, nati mwa mahekitala 2.2 miliyoni obzalidwa cimanga, pafupi-fupi miliyoni imodzi yaonongeka.

M'cithunzico dzuwa mulibe. Muli mlongo wanga, mai wacikulire, ataima m'mphepete mwa munda wace, khasu atalitsamiritsa pa mwendo. Kuwala kwa madzulo kucokera ku dzanja lamanzere, kukhudza tsaya limodzi ndi duku lace, ndi kuonetsa makwinya onse a pa mphumi. Tsaya linalo liri mumthunzi. Kumbuyo kwace cimanga caima mizere-mizere, masamba atapotana ngati a anyezi, ndipo kuwala kwacikasu kwacisandutsa ngati ca mwezi wa May, nthawi yokolola, pamene m'mundamo mulibe ngakhale phesi limodzi lobereka. Pamwamba pali kacigawo ka thambo loyera mbee, lopanda ngakhale kamtambo. Iye sapenya kamera; maso ace ali kumwamba.

Wodziwa malamulo a zithunzi angapezemo zolakwa, ndipo sindizibisa. Cithunzico capendekeka pang'ono. Pa ngodya pali ndowa ya pulasitiki yodukira pakati. Dzanja limodzi silioneka bwino popeza linagwedezeka. Mnyamatayo akadasendera phazi limodzi kumanja, ndowayo ikadatuluka. Kufiira kuja kokondedwa pa Facebook mulibe. Koma mwa zitatuzo, ici cokha ndico cinanditsata kufikira pa mphasa usiku.

Mphamvu yace icokera pa zinthu zitatu. Coyamba ndi nyengo. Munthu wa kuno adziwa kuti madzulo a February ayenera kukhala a mitambo yolemera, a mphezi kutali ndi acule m'dambo. Thambo loyera m'mwezi umenewo liri ngati phwete pa nyumba ya maliro. Kotero kukongola komweko kwa madzulowo ndiko kuopsa, ndipo cithunzico cigwira zonse ziwiri pamodzi. Caciwiri ndi kumene kuwala kucokera. Kuwala kwa masana kugwa pa mutu, nikubisa maso m'maenje amdima. Koma kwa madzulo kudza cam'mbali, nikuumba nkhope monga woumba mbiya acita ndi dongo, kotero kuti zaka zonse za munthu ziwerengeka. Cacitatu ndi khasu lija. Madzulo ndi nthawi yoweruka, ndipo khasu lopuma m'caka cabwino linena za nchito yatha bwino. Koma apa lapuma cifukwa palibenso cimene lingacite.

Kodi munthu wa kutali, wosadziwa February wa kuno, angamve zimenezi? Ndiyesa angamve zambiri, pakuti masamba opotana ndi maso openya kumwamba safuna womasulira. Adams sanaphunzitse ali yense za kamudzi kace, ndipo ife a ku Chipata timva. Cithunzi cikanena zoona za malo amodzi ndi tsiku limodzi, ndi pamene cimveka kutali.

Mafunso oyenera kuyankhidwa

Wina anganene kuti, "Kodi tsono cithunzi ciri conse ca madzulo cikhale ca misozi? Kodi nkulakwa kungokondwera?" Iai ndithu. Madzulo ali ndi cimwemwe cacenso, ndipo cifuna ojambula. Taganizani ng'ombe zocoka kubusa mu September, dzuwa liri kumbuyo kwao, pfumbi la mapazi ao litayaka ngati moto, kambusa kali kuimba mluzu pambuyo. Taganizani ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, pa Kulamba kumapeto kwa August, pamene pfumbi la gule wamkulu lisakanikirana ndi kuwala kofiira. Kapena ku Mtenguleni kumapeto kwa February, pa Nc'wala, mwambo umene unayambanso mu 1980, pamene amuna otopa ndi ngoma abwerera ku misasa, zishango ziri m'khwapa. Pfumbi lomwe liononga cithunzi ca masana ndilo cuma ca wojambula madzulo. Cimene nditsutsa ndi cithunzi cosadziwa ngati ciri kukondwa kapena kulira.

Wina angafunse ngati munthu ayenera kukhalamo nthawi zonse. Sikofunika. Njira yolowa m'mudzi, utsi wotuluka pa denga la khichini, njinga yotsamira pa khoma, mpando wopanda wokhalapo, citseko cotsekedwa ca nyumba imene eni ace anapita ku Lusaka osabweranso, zonsezi zinena za munthu ngakhale iye saoneka. Ndi phiri lomwe, likajambulidwa ndi zitsa za mitengo yodulidwa m'mbali mwace, liri ndi mau.

Koma pali cenjezo. Munthu sali njobvu kuti umbisalire pa gombe. Wojambula amene amva kuti cisoni cigwira mtima angayambe kusaka umphawi wa anzace monga mlenje asaka nyama, ndipo kutero nkoipa koposa kuonjeza kufiira. Pa khomo la mwini tiyamba ndi odi, ndipo kamera nayo iyenera kuodira. Mlongo wanga anaciona cithunzi cace, naloleza. Akadakana, sindikadalemba za ico. Ndipo pa gule, wojambula ayambe wapempha kwa akulu a mwambo, namve pamene amletsa.

Mau kwa ojambula acinyamata

Kwa inu okwera Kanjala, malangizo anga ndi ocepa. Musanakweze foni, dzifunseni kuti madzulo ano ndi a mwezi uti, ndipo ali kutengera ciani anthu amene muli kuwaona. Mukatha kupenya dzuwa, ceukani, mupenye kumanja ndi kumanzere ndi kumbuyo, kumene kuwalako kugwera. Ngati foni iwalitsa zonse, icepetseni kuwala pang'ono, kuti mithunzi ikhalebe mithunzi. Madzulo opanda mthunzi sali madzulo. Mtundu umene thambo lakupatsani muusiye monga uli. Ngati liri mbuu, ndiye kuti kunja kuli utsi, ndipo utsiwo ndi mbali ya nkhani.

Dziwaninso kuti kuno kwathu cisisira sicikhalitsa monga ku Ulaya. Dzuwa likakhudza phiri limira m'mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo pakapita mphindi 20 kapena 25 kuwala kweni-kweni kwatha. Cifukwa cace fikani msanga, musankhe poima dzuwa likali m'mwamba. Ndipo likamira musathamangire kutsika monga acita ambiri, pakuti ndi pa mphindi zotsatazo pamene mitambo ya m'mwamba iyaka, nyali zoyamba za m'mzinda niziyamba kuoneka, mdima ndi kuwala nizilingana kotero kuti kamera itha kugwira zonse. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Titatha kupenya zitatuzo, mdzukulu wanga anakhala cete kanthawi, nandifunsa kuti, "Tsono agogo, ca pa Kanjala ndicifafanize?" Ndinati, "Iai, cisunge, ndipo pa mwezi uli wonse ukwereko kamodzi, uime pa mwala womwewo, ujambule mzinda pamodzi ndi thambo lace, osaonjezako kanthu. Caka cikatha udzandionetse zonse khumi ndi ziwiri, osandiuza miyezi yace. Ndikadzatha kuchula ndekha kuti uyu ndi October, uyu ndi June, uyu ndi February wa mvula, pamenepo ndidzati wayamba kujambula kwanu." Iye anabvomera, ndipo pamene ndiri kulemba izi wakwerako kale kanai.